Kwa a Banja la Emmy Sakala, Amene Anachenjeza Osamveka

Kabwata, 21 Novembala 1988

Emmy anachenjeza. Tiyambire pamenepo, kuti amene ali ndi makutu amve.

Ife a Bungwe la Amayi Othandiza pa Maliro kuno ku Kabwata tagwidwa nthumanzi ndi chisoni chosaneneka pa imfa ya mwana wathu Emmy Sakala, amene watisiya Lachinayi pa ngozi ya ku fakitale ya saladi, mafuta ophikira aja, ku Makeni. Ine sindinaponde m'kalasi. Mawuwa akundilembera Mai Bernadette, ndipo ndawauza kuti asafewetse ngakhale limodzi.

Zaka zisanu ndi chimodzi Emmy ankalemba mabuku ophunzitsa antchito kugwiritsa kompyuta yoyang'anira boila, chithanki chowiritsira madzi a nthunzi. Madzulo ankabwera kudzatsuka nafe miphika pa maliro a anthu osawadziwa n'komwe. Lamulo lake linali limodzi: chinthu chimodzi, dzina limodzi, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Chaka chino bwana wake, ba Kampamba a ku Kabulonga, anagawira anthu atatu buku latsopano kuti lithe msanga, poti mizere ya saladi yatalika m'tauni. Batani lozimitsira moto linatuluka ndi maina atatu, pomwe kompyutayo inkalitchula ndi dzina linanso lachinayi. Emmy anapempha sabata imodzi yokha kuti akonze. Anamuyankha kuti, "Iwe ndiwe taipisiti chabe, usanichedwetse."

Tsiku la ngoziyo kompyuta italamula kuti moto uzimitsidwe, ba Lemmy woyendetsa makina anasanthula masamba onse, dzinalo osalipeza. Emmy anathamangira komweko kuti akadine batanilo yekha. Boila inaphulika asanafike.

Kwa inu a Sakala, bambo wa ana, ndi abale nonse a ku Chelstone: amayi tonse tikuti pepani, pepani ndithu. Chauta akulimbitseni mawondo, ndipo ana atatuwo sadzagona ndi njala ife tili moyo. Koma samalani. Akabwera a ku fakitale ndi pepala loti musaine, musagwire cholembera musanatiitane.

Ena andinong'oneza kuti masiku ano pakamwa potere pamaitana galimoto ya apolisi pakhomo. Mantha ndili nawo, koma ndakalamba. Tapangana kuti tsiku limene kudzagwe zovuta kwa ba Kampamba, mayi wa bungwe lino sadzasonkhako moto, sadzaimbako nyimbo.

Ba Kampambawo anali pomwepo boila ikuphulika, akuonetsa alendo makina awo. Nthunzi inawapeza kumaso. Ali m'chipatala, ndipo madokotala ati sadzawerenganso buku lililonse.

Ine wolira nanu,
Eness Mvula
Wapampando