Makina akana kuchapa zovala za malemu

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 67. Amuna anga, a Ilarie, anatisiya masabata asanu apitawo, ndipo Loweruka likubwerali akwanitsa masiku makumi anayi chimwalirireni. Monga mukudziwa, tsiku limenelo tikagawa koliva, tirigu wathu wa maliro uja, zovala za malemu zimaperekedwa kwa osowa zili zochapa ndi zosita. Masiku onsewa sindinazikhudze. Ndinkangotsegula kabati, kununkhiza, n'kutsekanso.

Lolemba ndinalimba mtima. Ndinalonga zonse m'makina ochapira: malaya, mabuluku, majuzi atatu aubweya ndi chikhoti chawo cha nyengo yachisanu. Ndinkafuna ndithane nazo kamodzi, chifukwa kachiwiri sindikanatha. Makina anatembenuza kangapo, kenaka ndinamva kuti phu. Kuchokera pamenepo mota ikulira bwinobwino, madzi akulowa ndi kutuluka, koma mgolo wa m'kati sukuzungulira. Ndikaupukusa ndi dzanja ukungoyenda ngati palibe chougwira.

Mayi Veta, amene zitseko zathu zinayang'anana, anabwera kudzaona. Anachita chizindikiro cha mtanda n'kunena kuti, "Achemwali, apa musavutike ndi amisiri. Eni ake ndi amene akukana. Munawalakwira chiyani?"

Mawu amenewa andilasa, Aphungu, chifukwa chilipodi. A Ilarie anali munthu wosataya kanthu. Kakhonde kathu n'kodzaza mawaya ndi mabotolo a misomali, ndipo kuseri kwa chitseko cha kubafa anapachikako chilabala chakuda chozungulira, chamizeremizere, chimene anagula chaka chatha. Sabata imene anagwa ndinawauza kuti ndichitaya. Iwo anati, "Iwe, chisiye pomwepo, tsiku lina udzandithokoza." Ine ndinawalalatira kuti nyumba yanga si galaja. Sitinapepesane.

Mmisiri akuti mpata aupeza sabata yamawa. Mwana wanga ali ku Italy, afika Lachisanu. Zovala zili m'bafa ndipo zayamba fungo lachinyontho. Ndikuopa kukaima pamanda popanda chopereka. Kodi n'zoona kuti akundikana?

D. M., Caracal

Mayi D. M.,

Pepani ndi maliro. Koma ndikuuzeni mosapita m'mbali: a Ilarie sanagwire makina anu. Chawagwira ndi chikhoti. Ubweya ukamwa madzi umalemera ngati thumba la simenti, ndiye inu munaonjezera majuzi atatu pamwamba. Mota ikamalira koma mgolo uli wopepuka m'dzanja, ndiye kuti lamba wolumikiza ziwirizi waduka kapena wavuka. Phu munamvayo anali iyeyo.

Yambani mwazula pulagi ndi kutseka mpopi. Muitane Mayi Veta akuthandizeni kukoka makinawo; mphamvu zolankhulira ali nazo, zokokera sizingawasowe. Kumbuyo kuli chitsulo chomangidwa ndi masikuluwu. Mukachichotsa muona gudumu lalikulu, ndipo pansi pake kamutu ka mota. Lamba wakale mumupeza atagwera pansi. Mumutole, mupite naye kuseri kwa chitseko cha kubafa, muyerekeze manambala olembedwa pamsana pake ndi a pa chilabala chija. Sindinachione, koma mmene mwachifotokozera, ndikukhulupirira afanana: chilabalacho ndi lamba watsopano.

Mukoleke watsopanoyo pa kamutu ka mota, kenaka m'mphepete mwa gudumu, n'kumalizungulitsa pang'onopang'ono mpaka lamba akhale. Amalimba, musadabwe, ndipo zala zisalowe pansi pake. Mukapeza kuti wakale ali bwino pamalo pake, vuto ndi lina. Pamenepo dikirani mmisiri, malayawo muchape pamanja awiriwiri.

Zikatheka, chapani maulendo atatu, osati kamodzi. Ndikudziwa kuti kuzigwira katatu n'kulira katatu, koma Lachisanu zikhala zauma. Chikhoti chokha chisabwererenso m'makina. Muchitsukuluze m'bafa n'kuchiyanika chogoneka. Chikapanda kuuma, chisungeni. Ansembe sawerenga malaya.

Za mkangano uja, ganizani bwino. Amuna anu anamva makinawo akulira mwachilendo inu musanamve, anakagula lamba, n'kumupachika pamene dzanja lanu lingafike. Munawalalatira, komabe sanamuchotse. Munthu wosunga mangawa sachita zimenezo. Anati mudzawathokoza, ndipo Loweruka muli ndi mpata wabwino.

Chenjezo langa ndi ili: musabwezere pulagi chitsulo chakumbuyo chisanamangidwe. Komanso kakhonde kaja musakasese mwezi uno. Simukudziwa china chimene anakusungirani.

Aphungu