Waya Umodzi ndi Khasu

Lilongwe,
21 Januwale, 1958

Mlongo wanga wokondedwa, a Marcelina,

Moni wambiri kuchokera kuno ku boma. Kodi mukudzuka bwanji kwathuko ku Kasungu? Nanga mwendo wa mayi uja unaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chandigwira chifukwa choyenda m'matope.

Pepani kuti kalata yachedwa. Mwina mwamva kale za madzi. Mvula inagwa masiku anayi osadukiza, Lachisanu m'mawa tinadzuka mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe utamira, mitengo ya mawaya a lamya itagwa. Tauni inaduka pawiri: ife tsidya lino la msika ndi masitolo a amwenye, maofesi ndi adokotala tsidya lija. Tinkaonana, koma madzi ankalira moti kufuula kunali kutaya mawu chabe.

Tsiku lomwelo nthawi yoti Asiya abereke inakwana. Ameneyu ndi mwana wa a Yunusu, bambo wachisilamu amene amakonza njinga ndi matochi kuseri kwa msika. Anamutengera ku kachipatala kakang'ono ka tsidya lathu lino, koma namwino atamuona anati mwana wagona chopingasa, ndipo iye sanathandizepo wotero popanda dokotala. Anati dzuwa likapendeka zinthu zili chomwecho, titaya onse awiri.

Mumandidziwa mlongo wanu. Ndinakwera pa chulu n'kuyamba kulalikira kuti izi ndi zipatso za Chitaganya, mawaya abwino onse anapita ku Salisbury, tilembe kalata yodandaula ku Zomba. Anthu anandiombera m'manja. A Yunusu anangondifunsa kuti kalatayo iwoloka bwanji, kapena a BA (ndimo amanditchulira chifukwa cha digiri yanga ija) anaphunziranso kusambira ku koleji ya Fort Hare. Anthu omwe aja anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kenaka a Yunusu anavula malaya awo oyera, nabwereka mpango wofiira kwa mayi wina, n'kuima pa gombe akuzitukula ndi kuzitsitsa. Ndinaganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu. Posakhalitsa tsidya lija munthu wina anayamba kuchita zomwezo! Anali a Maynard, mlonda wa ku ofesi kwathu, amene ndimawadutsa m'mawa uliwonse osawayang'ana nkhope. Kani awiriwa anali limodzi ku nkhondo ya ku Burma, ntchito yawo yotumiza mauthenga. Ndi nsalu ziwiri zokha anagwirizana kuti a Maynard akaitane dokotala ndi kubweretsa lamya pa gombe.

Koma nsalu sizingauze namwino poika dzanja. Pankafunika waya, ndipo panalibe bwato loti n'kuyesa madzi amenewo. Apa ndi pomwe anatulukira a Dhirajlal, mmwenye wogulitsa nsalu, wamimba ngati mtsuko, amene sindinawamvepo akunena china kupatula mitengo ya katundu. Anati kwawo ku India mwezi uno ndi woulutsa makaiti, ndipo ali mnyamata panalibe wowaposa m'mudzi mwawo. Anang'amba pepala lokulungira nsalu, nasema nsungwi, n'kumanga kaiti ife tikuona. Woyamba anagwera m'madzi. Wachiwiri anakwera, mlongo wanga, anakwera mpaka anthu anasiya kulankhula. A Dhirajlal akuthamanga pa matope opanda nsapato, akazi awo akuwakalipira m'chinenero chawo, iwo osamva. Kaiti anakakodwa mu mkuyu wa tsidya lija.

A Maynard anakoka ulusi. Ku ulusi tinamangirira chingwe, ku chingwe tinamangirira waya womwe tinatola pa mitengo yakugwa ija. A Yunusu anaswa mabotolo n'kupisa wayayo m'makosi ake kuti asakhudze mtengo, ndipo tinamuyendetsa mpaka pa zenera la kachipatala. Lamya inachokera m'sitolo ya a Dhirajlal, mabatire anachokera m'matochi a anthu.

Apa ndinachitanso manyazi ena. Waya anakwanira umodzi wokha. Ine ndinati buku limanena kuti pamafunika awiri, wopita ndi wobwerera, choncho tavutika pachabe. A Yunusu anangotenga khasu, nalimangirira kawaya kochokera ku lamya, n'kulikwirira pansi pa zenera. Tsidya lija a Maynard anachita chimodzimodzi. Ndiye a Yunusu anandiuza kuti waya wachiwiri ndaupondapo ndi nsapato zanga zopolishazo. Mawu apita pa waya, abwerera m'nthaka.

Ndipo anabwereradi. Namwino ataika lamya kukhutu anatulutsa maso, nati dokotala akulankhula. Mawu a munthu kudzera pansi pa mtsinje wolusa chotero, kudzatulukira pa khasu wamba ngati la mayi lija!

Pamalo paja ndi pa miyala, ndipo dzuwa litatentha nthaka inayamba kuuma, mawu n'kumazilala. A Yunusu anandipatsa ndowa ndi mchere, nati a BA, nayi ntchito yolingana ndi maphunziro anu, khasu lisamve ludzu. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka dzuwa kupendeka ndinali wothirira khasu. Namwino akakuwa kuti sakumva, ine ndi ndowa. A Yunusu anakhala pa mwala chofulatira zenera, pakuti bambo sayandikira zoterezi, milomo ikungogwedera, diso lili pa waya.

Mwanayo analira cha m'ma folo koloko. Namwino anatulutsa lamya pa zenera, ndipo tinaona a Maynard tsidya lija akuponya chipewa m'mwamba, pakuti anamva kulirako iwo asanauzidwe. Asiya wachira, mwana ndi wamkazi. Agogo ake akuti dzina ndi Rahima, koma msika wonse ukumutchula Nakhasu.

Madzi anaphwa Lolemba. Anthu a boma atabwera kudzakonza mawaya anamasula wathu uja osafunsa n'komwe kuti anamanga ndani. A Maynard abwerera pa geti lawo. Zimenezi zikundisowetsa tulo. Dziko lino lili ndi anthu otere, ndipo tawapatsa mageti ndi njinga zakutha.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Ndikufuna kusiya ukalaliki kuti ndikaphunzire za lamya ndi mawayilesi, ndipo podikira malo ophunzirirako, a Yunusu avomera kuti ndizipita kwawo Loweruka lililonse. Amalume adzati ndapenga, ndinapita kutali kuti ndidzakhale wantchito wa wokonza njinga. Inu amakumverani. Chonde muwafikire bwino, akadya, ndisanawalembere ndekha. Akafunsa kuti maphunziro aja ndachita nawo chiyani, muwauze zoona: ndinathirira khasu, ndipo mpaka lero ndiyo ntchito yokhayo ndagwirapo yomwe inapulumutsa munthu.

Mundiperekere moni kwa mayi, kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga, ndi kwa ana onse. Muwauze mayi kuti khasu lawo asamalisiye pa mvula.

Tsalani bwino,
Ndine mlongo wanu,
Paxton