Mchenga wa MaNdlovu

Mahlathini, Gwanda
9 Novembala 2014

Okondedwa bhudi, mkulu wanga SaSihle,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene watisunga mpaka imvi. Muli bwanji ku Francistown kumeneko? Nanga miyendo ija yasiya kutupa? Sihle anatiuza kuti mukukana mankhwala a shuga, ati amakufooketsani. Imwani, bhudi, musamuvutitse mwanayo. Kuno tili bwino, kungoti mlamu wanu NaThabo akudandaula msana, ndipo mvula sinagwebe.

Nkhani yakuno ndi yakuti mainjini athu a sitima aja akuwadula. Kwabwera anthu ogula zitsulo zakale ochokera ku Bulawayo, ndi moto wawo wa gasi. Anayamba ndi Salukazi, uja ankatsokomola utsi wakuda asanavomere kulira. Sabata yatha amaliza Sikhova wa nyale imodzi uja. Watsala wanu yekha, MaNdlovu.

Ndinapita kukamuona Lachinayi. Utoto wobiriwira uja wasuluka, mzere wachikasu sukuonekanso, ndipo pampando wanu nkhuku yaikirapo mazira. Wamkulu wa odulawo anandiseka, ati mdala mwabwera kudzalira maliro a chitsulo, kapena mukufuna tikusungireni chiwindi? Ndinamuuza kuti chitsulo chimenecho chinakoka miyala ya laimu imene inamanga theka la tawuni yakwawoyo, iye asanaphunzire n'kupukuta mamina komwe.

Ndinakwera, bhudi, ndi mawondo angawa. Fungo la dizilo likadalimo.

Mukukumbuka m'mawa mukamuliza? Makapu ankagwedera m'nyumba zonse za ku komboni, ndipo kulira kwake munthu unkakumvera m'chifuwa. Inu munkayamba mwapukuta zogwirira ndi kansanza kanu ngati mukusambitsa khanda. Malemu akazi anu NaSihle ankati anakwatiwa pamitala osadziwa, ndipo mkazi wamkulu ndi MaNdlovu, chifukwa iye ankabwezedwa mawu koma MaNdlovu akangosintha kaliridwe inu khutu tcheru. Inu munkayankha kuti MaNdlovu sapempha nsapato za Khirisimasi.

Ndimakumbuka kachitini ka tiyi kamene tinkamangirira pa paipi yotentha, kuti tikamafika pa mlatho akhale atawira. Ndimakumbuka mdala Hadebe, gadi wathu, ali m'kabogi kake kumapeto kwa mabogi makumi awiri ndi awiri, akutinena kuti ana a Mkandla timayendetsa sitima ngati tikuthawa apongozi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala kumanzere kwanu ngati wothandizira, ndipo zimene ndinaphunzira pamenepo zinaposa za ku sekondale. Munkati ndisamangoyang'ana mawotchi, ndizimvetsera, injini imanena yokha pamene ikupweteka.

Njanji ya mgodi ija tsopano ndi njira ya abulu. Pa chitunda cha Ntabende pamera mitengo ya tsanya pakati penipeni pomwe tinkadutsa.

Bhudi, ndazungulira mokwanira. Ndi za chitunda chimenecho zimene ndakhalira pansi kuti ndilembe.

Mukudziwa mmene tinkasamalira mchenga wa mainjini. Unkawotchedwa pa chitsulo kuti uume, n'kusefedwa, kuti uzitsika bwino m'timapaipi kukagwera kutsogolo kwa mawilo njanji ikaterera. Kudzaza mabokosi ake inali ntchito yanga. M'mawa uliwonse munkandifunsa liwu limodzi lokha, loti mchenga, ine n'kuyankha kuti wadzaza.

Chaka chimenecho cha 1988 tinali kumanga tchalitchi. Njerwa zinali zitakwera, koma mmisiri anakana mchenga wa kumtsinje, ati uli ndi dothi, pulasitala adzang'aluka. Ine ndinaimirira pa msonkhano wa madoda n'kunena kuti Mulungu apereka. Anthu anaomba m'manja. Kwa milungu itatu ndinkatenga gawo la MaNdlovu ku shedi, n'kulikankha pa wilibala kupita ku tchalitchi. M'mabokosi mwake ndinkathiramo wa kumtsinje, wonyowa, pamwamba n'kuwazapo wouma pang'ono. Ndinkadziuza kuti mchenga ndi mchenga, ndipo wa nyumba ya Mulungu sungakhale wakuba.

Ndiye linafika tsiku lija la mu Disembala, pamene amacimbi, mphalabungu za mu tsanya zija, anatsika m'mitengo n'kudzaza njanji pa Ntabende. Azimayi anali m'mbali ndi zidebe zawo, akutola, akutibayibitsa. Mawilo atayamba kuzungulira pamodzimodzi munaponda chotsitsira mchenga, osatuluka kanthu. Munapondanso. Munandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka n'kugwira mabuleki. Koma pa njanji yodzola mafuta a mphalabungu mabuleki agwira chiyani? Tinabwerera chambuyo mpaka pokhota, mabogi asanu ndi atatu n'kugona chammbali. Mdala Hadebe analumpha, ndipo anatsimphina mpaka tsiku la imfa yake.

Akuluakulu a mgodi atapeza timapaipi titatsekeka ndi matope, anakufunsani ngati munayesa mchenga musananyamuke, monga lamulo linkanenera. Munati simunayese. Atafunsa amene anadzaza, munati zonse za pa injini amayankha ndi dalaivala. Ine ndinali pa benchi panja, chitseko chili chotsekula, ndikumva zonse. Sindinadzuke.

Anakuchotsani ntchito. Munatuluka m'nyumba ya kampani ndi ana anayi mvula ili mkati, n'kukathera zaka zanu mukuliza injini ya madzi pa famu ya eni ku Botswana, inu amene munkakoka mabogi makumi awiri ndi awiri. Patapita zaka ziwiri mpando wanu anandipatsa ine. Ndinaukhala mpaka njanji itatsekedwa, ndipo nthawi yonseyi ndinali kutsogolera nyimbo Lamulungu.

Sindinauzepo munthu, ngakhale NaThabo. Ndinkati ndidzanena NaSihle akachira, kenaka ndinati maliro akatha, kenaka ndinati n'kudzutsiranji zogona.

Tsopano mpingo ukukonza chikondwerero cha zaka makumi awiri ndi zisanu chitsegulire tchalitchi, Lamulungu lachiwiri la Disembala. Agula mwala woti aumate pakhomo, wolembedwa mayina a amene anamanga. Langa lili lachitatu. Abusa MaNyathi anandiuza akumwetulira kuti makoma a masukulu ang'aluka, a chipatala ang'aluka, koma khoma la baba Mkandla lilibe ndi mng'alu umodzi womwe, ati umenewo ndiwo umboni wa chopereka choyera. Bhudi, kuchokera tsiku limenelo chakudya sichikutsika.

Ndaganiza kuti tsikulo, akandiitana kutsogolo, ndidzanena zonse pamaso pa mpingo, ndi ana a Hadebe ali pomwepo. Kaya adzandichotsa ukulu wa mpingo, kaya adzafufuta dzinalo, zili kwa iwo. Koma sindingalole kuti inu mumve kwa anthu a m'basi. Wolakwiridwa ndinu, muyenera kumva poyamba.

Pali chimodzi chimene chimandidya koposa. Mutabwera ku maliro a mayi, mwambo unachitikira m'tchalitchi momwemo. Inu simunalowe, munakhala panja pa dzuwa. Potuluka ndinakuonani mukusisita khoma ndi chikhato, n'kufikisa zala. Munangoti pulasitala wabwino, wosefedwa bwino, basi n'kuvala chipewa.

Kodi munkadziwa, bhudi? Zaka zonsezi mwakhala mukunditumizira moni, mukulera Thabo wanga pa tchuthi, mukudziwa? Ngati ndi choncho, ndiye kuti katundu amene ndinkayesa ndasenza ndekha munasenza ndinu, ine ndikungoyenda pambali.

Sindikupempha kuti munene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Ndikupempha kuti mundikhululukire ngati mtima ungalole, ndipo ngati sungalole mundiuze momwemo, ndidzalandira. Ndikupemphanso kuti mubwere. Thabo wavomera kudzakutengani pa galimoto, ngakhale sakudziwa chifukwa chake. Mukapanda kubwera ndidzaimabe. Koma mukabwera, ngakhale mukhale panja monga kale, khalani pamene ndingakuoneni pa zenera, chifukwa ndimadzidziwa, bhudi. Ndinalephera kudzuka pa benchi kamodzi.

Mundiperekere moni kwa Sihle ndi mkamwini, kwa Mandla ndi banja lake, ndi kwa adzukulu onse. NaThabo akupereka moni. Ndimuwerengera kalatayi ndisanaimate, kuti ndiyambire m'nyumba mwanga.

Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu m'miyendomo.

Ine mng'ono wanu,
Zenzo Mkandla