Kamwala M'chitini cha Mpunga

Lolemba, 13 Januwale

A Dokotala Abasi, ondiyang'anira pa kafukufuku, andibwereka kamwala kawo. Nkokhako pasukulu ponse. Kamaoneka ngati galasi, koma kakawombedwa ndi ekisire kamawala. Ntchito yanga nkuyeza kuwala kotsalira makina akazimitsidwa, kumene kumasokoneza zithunzi za kuchipatala. Popanda manambala amenewa, digiri palibe.

Chenjezo lawo: kasakhudze madzi, kamasungunuka ngati mchere.

Lachiwiri, 14 Januwale

Labu ikudontha, kabati youmitsira inafa kalekale. Ndabwera nako kuno ku Domasi, ndakakulunga m'pulasitiki, nkukakwirira m'chitini cha mpunga monga timachitira foni ikanyowa.

Apongozi sungawalamule pamaso, ndiye ndatuma mwana wawo, mwamuna wanga. "Morton, muwauze amayi chitinichi asachikhudze." Morton akuti, "Mkazi wamkulu kumaseweretsa miyala." Iwowo digiri yawo ndi ya bawo.

Lachitatu, 15 Januwale

Manambala oyamba atuluka! Kuwala kukutsika pang'onopang'ono ngati makala akuzilala. Ndafotokoza pakhomo mosangalala. Andifunsa ngati ndagula sopo.

Lachinayi, 16 Januwale

Magetsi kulibe kulabu, kamwala ndinakasiya kunyumba. Pobwera ndapeza amayi a Mvano pakhonde, mbale za mpunga m'manja. Mpunga wa m'chitini chija!

Apongozi akumwetulira: "Kagalasi kanu ndinakachotsa ndisanaphike. Kanali ndi fumbi, ndakutsukirani, kali pazenera."

Kayera ngati sopo wotha, m'mbali monse mwadyeka. Ndinagwada, nkunena kuti zikomo amayi. Zikomo! Pamaso pa alendo ukanatani?

Morton akuti anaiwala kuwauza. Koma mpira wa Loweruka saiwala ayi. Ndakwiya kwambiri.

Lachisanu, 17 Januwale

Ndakayezabe. Zotuluka nzopanda mutu.

Loweruka, 18 Januwale

Sindikuyankhula ndi munthu. Apongozi amva zonse kwa Morton. Ndinawamva kuseri: "Bwanji sanandiuze yekha mwanayu? Ine ndimaluma?"

Chikundiwawa nchakuti sindingawakwiyire bwinobwino. Anatsuka ndi mtima wonse.

Lolemba, 20 Januwale

Mmawa ndapeza chitini chija pakhomo pa chipinda changa, chodzaza ndi mpunga watsopano, wopetedwa bwino. Apongozi anali atapita kale kudimba.

Ndakwiriramo kamwala kakufako.

Foni ikulira. A Dokotala Abasi.