Khasu pa Kapinga wa Alamu Anu

Senga Bay,
Salima.
Lachiwiri, 19 Novembala.

Achimwene a Robert,

Ndiyambe ndi moni, poti amayi anatilera kuti ngakhale munthu wakupsetsa mtima uyambe wamufunsa za moyo. Muli bwanji ku Lilongweko? Alamu anga a Gladys ndi ana ali bwanji? Msana munkadandaula nawo uja ndikhulupirira unapola, chifukwa ndikumva kuti masiku ano mukupindika bwinobwino.

Kuno tilipo. Precious akukonzekera mayeso, ndipo mvula yoyamba inagwa Lachisanu. Ine m'thupi ndili bwino. Za mumtima musavutike nazo, kufunsa munasiya kalekale.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanu simuyankha. Sabata yatha ndinaimba kasanu, inu n'kungonditumizira uthenga wakuti muli pabwalo, ndipo pabwalo foni salola. Kalatayi ndapatsira Habiba, mnzanga wogulitsa usipa uja. Ndamuuza kuti asachoke pakhomo panu mpaka muitsegule iye akuona.

Nkhani ndi ya banja langa, ndipo ndikulembera inu chifukwa ndinu nkhoswe wanga. Tsiku la ukwati wanga munaima pamaso pa anthu n'kunena kuti mlongo wanu akadzalira, woyamba kumva mudzakhala inu. Ndalira zaka zinayi, achimwene. Banjali likutha, ndipo inu muli ndi gawo lanu.

Chiyambi chake mukuchidziwa. Mlendo wina wa ku loji kumene bambo a Precious amayendetsa galimoto anawasiyira thumba la ndodo za gofu pobwerera kwawo. Akanawasiyira njoka m'thumbamo ndikanadziwa chochita nayo.

Poyamba ndinkaseka nawo. Ankadzuka m'mamawa kukamenya timipira pamchenga, kamodzi n'kukagwetsa kena pa thandala la Habiba, usipa mbwee pansi. Tinapepesa, tinatola, tinaseka. Ndinkati ndi chimfine, chitha chokha.

Kenako Loweruka lililonse linakhala la ku Lilongwe, chifukwa akuti bwalo lenileni lili komweko. Posakhalitsa Lamlungu nalo linapita. Mpando wawo wa kukwaya anakhalapo ena. Anthu atatopa kundifunsa kuti bambo ali kuti, anayamba kundipatsa moni wa chisoni, uja amapatsa amayi amasiye.

Musandiyese mkazi wochitira nsanje masewera. A Saidi, amuna a Habiba, amatha tsiku lonse ali pa bawo pansi pa mtengo wa mango. Koma Habiba akawaitana amasiya nkhomo zili m'manja, ndipo akafika kunyumba amafika yense. Anga amafika thupi lokha. Ndikamawauza za sukulu ya mwana, manja awo amakhala atagwira ndodo yosaoneka, maso ali pansi, akuyeza.

Ndinayesa, ndipo ichi ndikufuna muchimve bwino, chifukwa munanena kuti sindinayesepo. Chaka cha dzana ndinapita nawo ku bwaloko. Ndinavala chitenje changa chatsopano, ndinawasenzera thumba lawo, dzuwa lili pamutu. Mawu oyamba amene anandiuza anali akuti ndikhale chete. Achiwiri anali akuti ndisunthe, chithunzithunzi changa chikuwasokoneza.

Kenako kampira kawo kanalowa m'tchire. Ine ndinakaona pomwe kanagwera. Ndinathamanga, minga ikundikala miyendo, ndinakatola n'kubwera nako ndikumwetulira, ndikuti ndathandiza mwamuna wanga. Anzawo aja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo nkhope inagwa. Anandiuza chapansipansi kuti kampira sakhudza, ndawaluzitsa, ndipo ndikawadikire m'galimoto. Ndinakhala m'galimotomo maola atatu. Pobwerera, kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Salima, sanandifunse ngakhale za magazi anali m'miyendo mwanga.

Za pamaliro a amayi sindinakuuzenipo. Inu munali otanganidwa ndi bokosi ndi adzukulu. Ife tili m'nyumba kulira, Habiba anatuluka kukatunga madzi, ndipo anawapeza alamu anu kuseri kwa khitchini atagwira ambulera chozondotsa, akuyeseza kumenya. Habiba anandibisira miyezi itatu. Atandiuza sindinadabwe, ndipo kusadabwako ndi kumene kunandiopsa. Msozi wawo pa maliro aja sindinauone ngakhale umodzi. Ndinadziuza kuti amuna ena salira.

Tsopano za dimba.

Dimba lija ndi la amayi, analandira kwa amayi awo, ndipo linagwera ine. Inu mwini mbumba munatero pamaso pa abale. Ndi dimba lomwe linakulipirirani sukulu, achimwene, tomato wake ndi mpiru wake. Patangotha mwezi chiikireni amayi, bambo a Precious anandipempha kachigawo kakang'ono ka kumunsi, akuti adzalepo kapinga woyesezerapo kugwetsa kampira m'dzenje, kuti asamachokechoke pakhomo. Mawu akuti asamachokechoke ndi amene anandinyenga. Ndinavomera.

Kachigawo kaja kanamera miyendo. Kanadya mabedi a anyezi, kanadya a mpiru, kanafika mpaka pa nthochi. Kapinga wake si wathu wamba uyu, anachita kubwera naye m'matumba kuchokera kwanuko. Mchenga ankausefa ndi sefa yanga ya ufa. Kumeta ankameta ndi sizasi atagwada, munthu amene sanagwadepo kuti amange chingwe cha nsapato ya mwana wake. Pakati anakumba kadzenje n'kuzikapo kambendera kofiira.

Pampu ya sola ija ndinagula ine, nditagulitsa mbuzi zanga. Chilimwe chino, madzi atachepa pachitsime, iwo anati kapinga ayambe kumwa chifukwa sapirira ludzu. Tomato wanga ankamwa zotsala. Pofika Okutobala masamba anali atapiringizika, zipatso zikuthothoka zisanapse, pomwe pambali pake pali pobiriwira ngati pamanda a munthu wolemera. Ine mwana wa mayi wa dimba ndinayamba kugula tomato pamsika.

Apa ndi pomwe mukulowera inu.

Mu Julaye ndinakupemphani kuti mukakumane nawo ku bwaloko, poti muli pafupi, mukawalankhule monga nkhoswe. Munalonjeza kuti mukawakhazika pansi. Madzulo ake munandiimbira mawu anu ali opepuka ngati mwamwa. Munati nkhaniyi ndi yaing'ono, banja ndi kupirira, ndipo masewerawa ndi a anthu aulemu. Munawonjeza kuti alamu anu akuti muli ndi dzanja labwino. Patatha sabata ziwiri Precious anandionetsa chithunzi pa foni: inu ndi iwo, zipewa zoyera zofanana, mano onse panja. Akuluakulu sananame, kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndinakupatsaninso mpata. Mu Seputembala tinapangana kuti ankhoswe a mbali zonse akumane kuno. A Lenard, nkhoswe wa kuchimuna, anapalasa njinga kuchokera kwawo, munthu wamkulu, n'kukhala pamphasa kuyambira m'mawa. Inu mutafika munati muyambe mwaona kapinga mwamva mbiri yake uja. Munavula nsapato pomuponda. Ndinakuonani ndi maso angawa. Kumanda kwa amayi, komwe ndi pafupi kuposa kudimba, simunapondeko.

Dzuwa litafika pamutu a Lenard anaimirira, anakung'untha thalauza, n'kundiuza kuti iwo mlandu anabwera kudzaumva, koma zikuoneka kuti wodandaula alibe womuimira. Anakwera njinga yawo. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindidzakukhululukirani msanga.

Tsono imvani chimene ndachita, musachimvere kwa ena.

Lachisanu mvula inagwa, nthaka inafewa. Loweruka m'mawa alamu anu ananyamuka kubwera kwa inu. Ine ndinatenga khasu la amayi, la mpini wa nsungwi wothetheka lija, n'kutsikira kudimba. Sindinaitane munthu. Ndinazula kambendera, ndinakapinda n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. Khasu loyamba ndinaponya pa kadzenje penipeni.

Kapinga uja ankayalulika ngati mphasa. Ndinalima mpaka thukuta kulowa m'maso, ndinaunda mizere khumi ndi inayi, ndipo pofika masana ndinali nditabzala mbatata. Mbewu ndinapempha kwa aneba. Ndisakunamizeni kuti ndinamva chisoni. Ndinamva kukoma, kukoma kumene sindinakumve chimwalirireni amayi.

Anabwera Lamlungu masana. Mwa chizolowezi chawo sanalowe m'nyumba, anayamba kudimba. Ndinawatsatira. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, ngakhale pama ndinali nditalikonzekera. Kunena zoona, ndinkafuna andikalipire, chifukwa munthu pokalipa amakuyang'ana kumaso.

Sanandiyang'ane. Thumba linagwa paphewa. Anagwada m'matope ndi thalauza lawo loyera, n'kuyamba kutola zibuma za kapinga zomwe ndinaunjika m'mphepete, kumazilumikiza chimodzichimodzi, kumazisisita ndi chikhatho. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Bambo a Precious analira, achimwene. Analira mokweza, mamina ndi misozi, mpaka amayi a dimba loyandikana nalo anaimika makasu.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala nawo. Precious atagonekedwa kuchipatala ndi malungo aja tinkati tamutaya sanalire. Amayi, amene ankawasungira chiwindi cha nkhuku ngati mwana wawo, sanawalire. Ndinkati misozi alibe. Anali nayo, koma sinali yathu.

Ndinaima pamenepo ndikuchitira nsanje udzu. Mundiseke ngati mukufuna.

Atatonthola anapukuta kumaso ndi chipewa, ndipo kwa nthawi yoyamba anatembenukira kwa ine. Ndinati mwina tsopano afunsa kuti Tikondwe, chakupweteka n'chiyani mpaka kufika apa. Akanafunsa zimenezo, mwina mizere ija ndikanaifafaniza ndi manja anga. Anandifunsa kuti mbendera yawo ndaika kuti.

Kuchokera tsiku limenelo tikukhala m'nyumba imodzi ngati anthu odikira minibasi, aliyense maso kwake. Precious akudyera kuchipinda, ndipo dzulo anandifunsa ngati angakalembere mayeso ake akugona kwa Habiba. Mwana akayamba kupempha malo ogona kwa eni, nyumba yatha.

Munandifunsa tsiku lina moseka ngati banja lingathe chifukwa cha kampira kochepa ngati dzira. Mwina alipo mabanja amene wina amakonda gofu, wina osamukonda, n'kumakhala bwinobwino. Kumeneko ndiye kuti womenya kampirayo akabwera kunyumba amakumbuka kuti anasiyako anthu. Kwanga kuno ndinalamulidwa kukhala chete tsiku lija pabwalo, ndipo palibe anabwera kudzandiuza kuti masewera atha, ndikhoza kuyankhula.

Sindinawathamangitse, ngakhale pano ndi pathu ndipo iwo ndi mkamwini. Katundu wawo sindinamuponye panja. Analowa pakhomo pano masana, anthu akuona, ankhoswe ali pamphasa, ndipo ngati akutuluka atuluke chimodzimodzi. Ine sindine wosalangizidwa.

Choncho Loweruka likubwerali, pa 23, ndikukufunani kuno nthawi ya 9 koloko m'mawa. A Lenard ndawachonderera ndipo avomera kubweranso, koma ati aka n'komaliza. Ndikudziwa kuti tsiku limenelo kuli mpikisano waukulu. Alamu anu analizunguliza ndi bolopeni yofiira pa kalendala ya kutchalitchi, kalendala yomweyo imene tsiku lobadwa mwana wawo lilibe ngakhale kadontho. Sindinasankhe tsikuli mwangozi.

Iwo ndawauza. Ngati ali ndi mawu ena oposa a mbendera, adzawanene pamaso panu ndi pa a Lenard, ndidzamvetsera, chifukwa sindikana kuti munthuyu ndinamukonda ndipo pena pake pakuwawabe. Ngati alibe, mudzatimasule mwamwambo, aliyense aone njira yake. Akadzakwera galimoto m'mawa wa Lowerukalo, yankho ndidzakhala nditalandira.

Inunso chimodzimodzi. Mukapanda kubwera, Lamlungu ndikwera ya ku Chipoka kukauza amalume athu, a Chikhulupiriro, kuti unkhoswe autenge ndi iwo, poti mwana wa mlongo wawo anasinthanitsa mbumba yake ndi chipewa choyera. Ndidzadziwa kuti thumba la mlendo lija linandilanda amuna awiri.

Kansalu kofiira mwakapeza m'kalatamu ndi mbendera ija. Sindinawapatse. Mubwere nayo inu, mudzaiyike pamphasa pakati pathu, tidzaone ngati dzanja lawo lidzayambe kutola iyo kapena kugwira langa.

Mulungu akusungeni ndipo akupatseni ulendo wabwino, ngati muuyamba. Mundiperekere moni kwa ana, muwauze kuti mango a kwa azakhali awo ayamba kupsa. Alamu anga a Gladys muwapatse moni wapadera. Muwauze kuti ndamva zoti Loweruka nawonso ayamba kudya okha, ndipo khasu la amayi lilipo, likadali lakuthwa.

Ndine mlongo wanu,
Tikondwe.