Ndodo ya mopu yapita kusukulu

Amake mwana,

Mukafika musavutike kufunafuna ndodo ya mopu. Ndaicheka ndine, ndipo zidutswa zake zapita kusukulu m'chikwama cha mwana wanu. Pepani, koma imvani kaye nkhani yake musanandiweruze.

M'mawa uno mtsikanayu anali ndwii patebulo ndi samu imodzi yotsala pa homuweki. Akuti kucheka thabwa kamodzi kumatenga mphindi zitatu, nanga kuti lituluke zidutswa zisanu patenga mphindi zingati? Ine, kalipentala wa zaka zonsezi, ndinangoyankha osaganiza n'komwe kuti fifitini. Iye amvekere, "Ayi adadi, ndi thwelofu. Chidutswa chomaliza simucheka, chimangotsala chokha m'manja."

Tinatsutsana mpaka ndinatenga sowo kuti ndimuonetse. Thabwa panalibe, mopu ndiyo inali pafupi. Nditangocheka kanayi, zidutswa zisanu zili mbwee pansi, ine kukamwa yasaa!

Ndi mwana yemwe uja ankalira akangoona samu ya mawu ambirimbiri. Lero waikhoza yekha, n'kuphunzitsanso bambo ake ntchito yawo yomwe.

Tachedwa, ndiye ndikukamusiya pa njinga, ndipitirira kuntchito konko. Utuchi uli pakhomo la kubafa, samalani mungaterereke. Ndodo ina ndibwera nayo madzulo, lero lokha mukolope chowerama.

Akaweruka mumufunse akufotokozereni yekha, muone mmene akuyendera. Zija mumanena zoti nzeru anatengera kwa inu, lero sinditsutsa.

Ndine,
Bambo ake a katswiri