Webusaiti ya boti ndikuisamutsa

Achimwene a Mathews,

M'mawa uno ndimasesa pakhonde, tsache likuyenda pang'onopang'ono, mutu uli pa alendo aja anafika dzulo kudzakwera boti mwera ukuwomba. Boti silinanyamuke, koma webusaiti yathu imati ulendo ulipo, poti pulogalamu imene anatisankhira anzanu a Patrick amatha kuisintha ndi iwo okha, ndipo foni sakuyankha.

Ndapita ku Mangochi kukasaka netiweki. Zonse za webusaiti ndikuzisamutsira pa pulogalamu ina yotchedwa WordPress, kuti nyanja ikavuta ndizilengeza ndekha pafoni. Zinyalala zatsala pakhomo, pepani, mumalize ndinu. Tsache sililuma.

Paja munati wamanyazi ngati ine ndisalowerere za akuluakulu. Lero ndalowerera, ndipo sindibweza. A Patrick akakwiya, muwauze azibwera okha kudzapepesa alendo pagombe.

Ruti